Tsiku Limene Tinawamana Moni Che Latifu

Che Latifu sankatha kudutsa munthu osampatsa moni. Vuto lawo lonse linali limeneli, ndipo likanakhala laling'ono akanakhala oyenda pansi ngati ife. Koma iwo anali othamangitsa njinga yamoto pa mpikisano.

Ndikati moni sindikunena zokweza dzanja kapena kuliza hutala. Iwo ankaima, kuzimitsa injini, kuvula helemeti, kupereka manja onse awiri, kenako n'kuyamba mafunso. Mwadzuka bwanji, kunyumba adzuka bwanji, mwendo uja unaphwa, mbuzi inasowa ija inapezeka, nanga mwana wa ku Joni uja akuimba foni? Ankati kulonjera munthu injini ikulira ndi mwano, n'chimodzimodzi kuyankha akulu uli ndi chakudya m'kamwa.

Ntchito yawo inali yokonza njinga zamoto m'mphepete mwa msewu kuno ku Nkope, koma nthawi zina ankanyamula anthu ndi katundu kupita ku boma. Anthu amati tsiku lina ananyamuka m'mawa ndi dengu la usipa wauwisi, ndipo pofika pa msika wa Mangochi anaugulitsa ngati wouma. Zimenezo sindinazione, choncho m'buku mwanga mulibe. Zimene ndinaona ndi izi. Lachitatu pa 14 Malichi 2012 ndinakwera njinga yawo kuti ndikatenge phukusi ku positi ofesi. Tinanyamuka 7 koloko m'mawa, tinakafika atatseka. Pobwerera tinaimanso kwa anthu omwe aja. Nditadandaula anandiyankha kuti, "Aphunzitsi, wa m'mawa uja unali mwadzuka bwanji. Uwu ndi mwaswera bwanji. Ndi moni wina."

Aphunzitsi ndiye dzina limene anthu amanditcha. Ndine mayi wa ku Malindi, kutsidya kwa nyanja, koma ndinaphunzitsa kuno zaka zambiri. Nditapuma ntchito pa 31 Julayi 2007 ndinatsala ndi zinthu ziwiri: chizolowezi cholemba tsiku la chilichonse, ndi wotchi ya masewero a sukulu, yoimitsa ndi chala. Ndiye mu 2010, amuna obwerera ku Joni ndi njinga zawo atagwirizana ndi amakaniko kuti azipikisana kamodzi pachaka, anabwera kwa ine kuti ndizisunga nthawi. Analambula njira yozungulira m'munda wakale wa thonje kuseri kwa mudzi, naika matayala akutha opaka laimu m'makona. Mpikisano unkakhala Lamulungu lomaliza la Novembala, ine ndikaweruka ku tchalitchi, ndipo Loweruka lake linali loyeserera. Ankazungulira kasanu ndi katatu. Panali lamulo limodzi lokha: amene sanafike pasanathe theka la ola kuchokera pamene woyamba wafika, dzina lake sililembedwa m'buku. Lamuloli ndinalipanga ndine, pofuna kuti ndizibwerera kunyumba nthawi yabwino. Sindinaganizire za Che Latifu.

Njinga yawo inali yakale, yofiira, ndipo ankaitcha Abiti Japani. Akazi awo, mayi Ajira, ankaitcha mkazi mnzanga. Inali yaliwiro, koma inali ndi khalidwe limodzi loipa: ikazima ili yotentha, inkakana kulira mpaka itazizira. Ukhoza kuiponda mpaka mwendo kutupa, iyo phee.

Mpikisano woyamba unachitika pa 28 Novembala 2010. Maulendo awiri oyamba Che Latifu anali patsogolo, ena onse akumwa fumbi lawo. Ulendo wachitatu, pa kona ya mlambe, tinangomva injini yazima. Tinathamangira komweko poganiza kuti agwa. Tinawapeza atagwada chapatali, nkhope atayang'ana kumbali monga achitira mkamwini, akuomba m'manja pang'onopang'ono. Pansi pa mlambe panali patakhala amayi awo a mayi Ajira.

"Che Latifu, anzanu akupita," ndinatero.

"Ndi apongozi awa, Aphunzitsi."

"Kodi simunawalonjere m'mawa?"

"M'mawa anali kunyumba. Pano sindinawalonjere."

Abiti Japani inadzalira anthu onse atabalalika.

Zaka zotsatira zinali chimodzimodzi, kungosintha munthu. Mu 2013 anali shehe. Mu 2014 anali mlendo wochokera ku Nkhudzi amene sankamudziwa n'komwe, koma anati mlendo ndiye woyenera kulonjeredwa kwambiri. Mayi Ajira anayesa kuwaika thonje m'makutu, koma maso ankaona. Anayesa kusokerera nsalu m'mbali mwa helemeti kuti aziona kutsogolo kokha, koma makutu ankamva.

Choipitsitsa chinachitika pa 27 Novembala 2016. A Lourenco, ogulitsa zitenje, amene makolo awo anabwera kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, ndiwo anali mdani wamkulu wa Che Latifu pa njinga ndiponso mnzawo wapamtima pa tiyi. Chaka chimenecho anaona kuti Che Latifu akonza bwino injini, ndipo anachita mantha. Anakatenga Che Dinala, mkulu wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, wosamva bwino, amene moni wake umatenga nthawi yophikira nyemba zouma. Anawakhazika pa mpando pa kona yoyamba penipeni.

"Asalamu aleikumu," anatero Che Dinala njinga zitangonyamuka.

Injini imodzi inazima.

"Waleikumu salamu. Kunyumba ali bwanji?"

"Nyemba? Chaka chino sindibzala."

"Ndikuti kunyumba."

"Ku Zomba ndinapitako kale, nthawi ya sitima."

Mpikisano utatha ndinawadzudzula a Lourenco pamaso pa onse. Iwo anati mkuluyo anangowapempha kuti akapitidwe mphepo. Che Latifu anaseka mpaka kupukuta misozi, nati, "Chaka chamawa mubwere nawonso, achimwene. Nkhani ya sitima ija sanamalize."

Tonse tinkaseka, iwonso ankaseka. Koma chaka chilichonse, anthu akachoka, ankabwera pa tebulo langa akukankha njinga yawo.

"Aphunzitsi, ndione tsamba."

Ankawerenga maina onse ndi chala, kuyambira pamwamba mpaka pansi, kenako n'kuloza mzere wopanda kanthu. "Langa likanakhala apa." Sankafuna chikho. Ankangofuna kuti dzina lawo lilembedwe kamodzi pakati pa amene anamaliza. Pofika 2021 anali atayamba mipikisano khumi ndi umodzi, pakuti mu 2020 sitinachite chifukwa cha mliri, ndipo m'buku mwanga munalibe Latifu ngakhale pamodzi.

Lachiwiri pa 9 Ogasiti 2022 mayi Ajira anabwera kunyumba kwanga akuchokera kuchipatala. Anakhala pa khonde osavula nsapato. Dokotala anali atawauza kuti matenda a shuga adya maso a amuna awo. Lamanzere linali litatha kale, lamanja linkaona ngati pali utsi, ndipo nalonso linali m'njira. Za njinga anati asiye tsiku lomwelo.

"Ndawauza kuti mkazi mnzanga uja ndikampereka kwa a zitsulo zakutha," anatero mayi Ajira. "Andipempha kamodzi kokha, ka Novembala. Akuti njira ya m'mundamo amaidziwa ngati m'nyumba mwawo. Ndiwakanize, Aphunzitsi?"

Kenako anadziyankha okha. "Ndikawakaniza adzakhala chete. Ine sindinazolowere bambo aja ali chete."

Loweruka pa 26 Novembala 2022 mvula inayamba 10:20 m'mawa. Sinali yongogoneka fumbi, inali mvula yeniyeni, yoyamba ya chaka chimenecho. Dothi la m'mundamo ndi makande: likauma limang'ambika, likanyowa limaterera ngati therere. Okwera analipo asanu ndi anayi, ndipo ola lisanathe sindinkathanso kuwasiyanitsa, onse anali dongo kuyambira ku helemeti mpaka ku nsapato. A njinga zatsopano ankakoka moto mwaukali, tayala lakumbuyo n'kumafuna kupitirira lakutsogolo. A Lourenco anagwa kawiri pa kona ya mlambe, ndipo kachiwiriko anadzuka akulankhula Chipwitikizi chimene sindinapemphe kuti andimasulire.

Che Latifu anayamba aphwetsako matayala pang'ono. Ankalowa m'kona mwendo umodzi utatambasuka, osakhudza buleki yakutsogolo, injini ikung'ung'udza chapansipansi.

"Matope safuna ukali," anawauza a Lourenco. "Muziwanyengerera ngati mwana wa eni."

Oonerera kunalibe, mvula inali itawatsekera m'nyumba. Kwa nthawi yoyamba ndinawaona akuzungulira kasanu osaima. Ulendo wawo wabwino unali wa mphindi zitatu ndi masekondi anayi, ndipo panalibe wina amene anafikapo. Ataima pa tebulo langa ndinawatambasulira wotchi kuti adzionere okha. Anatambasula dzanja, nagwira mpweya pambali pa dzanja langa. Anayesanso kachiwiri, nagwira ambulera.

"Ingondiwerengerani, Aphunzitsi. Magalasi achita nthunzi."

Magalasiwo anali atawavula kale.

Atapita kukatsuka njinga, a Lourenco anatsalira.

"Mwaona, Aphunzitsi?"

"Ndaona."

"Akuyendera matayala oyera aja basi. Nkhope za anthu sakuziona. Koma makutu ali bwino." Anapukuta matope pachipumi. "Mawa kudzadzaza. Aliyense wamva kuti n'komaliza, ndipo aliyense adzafuna kuwapatsa moni. Sadzafika ndi pa kona yachiwiri pomwe."

Masana onsewo a Lourenco anayenda khomo ndi khomo, mvula ili pamsana. Pempho lawo linali limodzi: mawa bwerani, koma mufike njinga zitanyamuka, ndipo pasapezeke wotsegula pakamwa mpaka Che Latifu atamaliza. Ena anati n'zosatheka kumuona munthu n'kumumana moni. A Lourenco anapita nawo kwa shehe, amene anaganiza kanthawi nati, "Kuyamba salamu ndi chinthu chabwino, koma chokakamiza ndi kuyankha. Inu mukakhala chete, iye alibe choyankha, ndipo palibe wolakwa. Ineyo ndidzaima kuseri kwa mlambe."

Mayi Ajira anavomera monyinyirika. "Kumeneko si kuwanamiza?"

"Sitinena bodza, mlamu. Sitinena kanthu."

"Ndicho chimene ndikuopa," anatero mayiwo.

Vuto linali Che Dinala, amene pempholo sanalimve ngakhale analiuzidwa katatu. Anagwirizana zowaikira beseni la mango pamiyendo kuti pakamwa pazitanganidwa ndi kudya.

Lamulungu pa 27 Novembala mvula inali yowaza, yosalekeza. Ndinafika kuchokera ku tchalitchi 1 koloko. Pamalo onyamukira panali okwera okhaokha ndi ine. Che Latifu anatilonjera tonse mmodzimmodzi, natembenuza mutu uku ndi uku ngati akufuna wina, koma sanafunse. Ndinatsitsa mbendera 1:30.

Njinga zitangokhota kona yoyamba, anthu anayamba kutuluka m'mitengo. Anabwera atafunda mapepala akuda, matumba ndi zitenje, amayi ndi ana kumbuyo, asodzi, ogulitsa pamsika, a kwaya ya kwathu, a ku mzikiti. Anandanda m'mbali mwa njira yonse. Ndinawawerenga, pakuti ndi khalidwe langa: anali mazana awiri ndi makumi atatu ndi mmodzi. Ndakhala ndi makalasi a ana zana, ndipo ndikudziwa kuvuta kwa kukhalitsa anthu chete. Chete wa tsiku limenelo sindinamuonepo. Zinkamveka ndi injini ndi madontho pa mapepala basi. Mayi wina anagwira mwana wake pakamwa mpikisano wonse. Che Dinala anali pa bango lachisanu ndi chimodzi.

Che Latifu anali achitatu, kenako achiwiri. Pa ulendo wachisanu, pa kona ya mlambe, tayala lakutsogolo linaterereka ndipo anagwa chammbali, mwendo uli pansi pa njinga. Tonse tinkadziwa kuti injini ikazima zatha. Koma dzanja lawo lamanzere linali litafinya klatchi, ndipo Abiti Japani inkalirabe ili chigonere m'matope. Shehe anali mapazi atatu kuchokera pamenepo. Anatambasula manja, kenako anawabweza nawapinda pachifuwa, pakuti kumudzutsa munthu ameneyo kukanayamba ndi moni. Anthu makumi awiri anaima chilili kuyang'ana bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi akudzikoka yekha pansi pa njinga ndi dzanja limodzi. Njinga zitatu zinawadutsa. Anadzuka, anakwera, napitirira.

A Lourenco anafika oyamba, pa mphindi 27 ndi masekondi 12. Sanakweze ngakhale dzanja. Che Latifu, atapitirira mmodzi pa ulendo womaliza, anafika achinayi, pa mphindi 29 ndi masekondi 50. Nthawiyo ndi yoona.

Anaima patsogolo pa tebulo, anazimitsa injini, navula helemeti. Anthu anali chikhalire chete, pakuti panalibe amene anawauza nthawi yoyambira kulankhula.

"Aphunzitsi, ndafika?"

"Mwafika. Achinayi."

Anagwedeza mutu, akupuma movutika. Ndinkayembekeza kuti aseka. M'malo mwake anayang'ana kumene kunali anthu, nati motsitsa mawu, "Mvula yawabweza. Sindikuwadandaula, kunja kwaipa. Koma ndimati mwina awiri atatu abwera, poti n'komaliza." Anapukuta nkhope ndi dzanja lamatope. "Ngakhale mayi a kunyumba sanabwere?"

Mayi Ajira anali ataima mapazi khumi kuchokera pamene anali. Anachotsa pepala kumutu nayandikira.

"Asalamu aleikumu, bambo."

Che Latifu anayankha asanaganize, monga mwa nthawi zonse. Kenako anamva wina akutsokomola, mwana akulira, mapepala akuchita phokoso mbali zonse.

"Zakuda zija m'mbali mwa njira," anatero pang'onopang'ono. "Ine ndimati ndi matumba a makala."

"Ndi anthu," ndinatero.

"Angati?"

Ndinawauza.

"Ndawadutsa kangati?"

"Kasanu ndi katatu."

"Ndi shehe yemwe?"

"Munagwera pa mapazi awo."

A Lourenco anayamba kufotokoza kuti nzeruyo inali yawo, koma Che Latifu anakweza dzanja. Ine ndinali nditatsegula buku, cholembera chili m'manja.

"Musalembe kaye, Aphunzitsi. Wotchiyo iyambitseninso pamene inaimira. Sindinamalize."

Anasiya njinga m'manja mwa a Lourenco, nagwira phewa la akazi awo, nayamba kuizungulira njirayo wapansi, akutsimphina. Anayambira kwa munthu woyamba kumanja. Ankamugwira dzanja ndi manja awiri, munthuyo akalankhula n'kumuzindikira ndi mawu, n'kumutchula dzina, n'kufunsa za kunyumba. Palibe amene anachoka pamalo pake ngakhale mvula inakula. Ena ankaseka, ambiri ankalephera kuyankha bwino. Kwa Che Dinala anakhalako mphindi khumi ndi imodzi.

Anabwerera pa tebulo langa wotchi ikunena maola awiri, mphindi 21 ndi masekondi 40.

"Tsopano lembani."

"Nthawi iti?"

"Yoona."

"Yachiwiriyi yapitirira theka la ola, Che Latifu. Lamulo likuti musalembedwe."

"Wotchi yanu yalowa madzi, Aphunzitsi," anatero a Lourenco.

Wotchi yanga sinalowe madzi, ndipo sindinalembepo bodza m'buku chiyambire. Ndinalemba pa mzere wachinayi: Latifu, 29:50. Pansi pake ndinalemba nthawi yachiwiri ija, ndi mawu akuti, atalonjera anthu onse. Ndinawawerengera mokweza. Anapempha kuti ndiwagwiritse chala pamene panali dzinalo, ndipo anachisiya pamenepo mpaka inki inayamba kusungunuka ndi madzi a m'manja mwawo. Banga lake lilipo.

Sanakwerenso njinga. Pofika Epulo 2023 diso lamanja linali litatseka. Ankakhala pa benchi pamalo awo akale a ntchito, m'mphepete mwa msewu, ndipo ankadziwa njinga iliyonse ndi kulira kwake. "Uyo ndi Jonathan, tcheni chake chalendewera." Okwera ankaima, kuzimitsa injini, n'kulonjera, ngakhale atanyamula munthu wofulumira. Pa mpikisano wa chaka chimenecho anakhala pambali panga, ndipo tinanyamuka mochedwa ndi mphindi makumi anayi chifukwa anafuna kumva za kunyumba kwa wokwera aliyense.

Anamwalira Lachinayi pa 16 Meyi 2024, nthawi ya 9:15 m'mawa, ndipo anaikidwa masana a tsiku lomwelo. Ife amayi sitipita ku manda a Chisilamu, choncho ndinatsala pa mphasa ndi mayi Ajira. Tinamva jeneza, chonyamulira maliro, likunyamuka, mapazi ambiri pa msewu, popanda injini ngakhale imodzi. A Lourenco anandiuza pambuyo pake kuti a njinga onse anazikankha ndi manja mpaka ku manda.

Benchi ija ilipobe, koma pamalopo pano pali wogulitsa mafuta a m'mabotolo. Njinga zachuluka kuposa kale. Zimadutsa pakhomo panga m'mawa ndi masana, wina amaliza hutala, wina amakweza chala chimodzi osachotsa dzanja pa chiwongolero. Ndikakwera kupita ku boma ndimafika msanga, ndimachita zimene ndapitira, ndimabwerera dzuwa lisanafike pamutu, ndipo sindidziwa kuti ndani akudwala, ndani wabereka, ndani mbuzi yake yasowa.

Mpikisano wa pa 24 Novembala 2024 unachitika kuli dzuwa. Ananyamuka khumi ndi awiri, ndipo onse khumi ndi awiri anamaliza. Womaliza anafika pa mphindi 26. Ndinalemba maina, ndinatseka buku, ndipo nthawi inali isanakwane 2 koloko. Anthu anaimaima pang'ono, akuyang'anana, kenako anayamba kubalalika. A Lourenco anandithandiza kupinda tebulo.

"Tatha msanga, Aphunzitsi," anatero.

"Tatha msanga."

Tinakhala pansi pa mlambe theka la ola lathunthu, monga lamulo linenera, ngakhale panalibe wina woti timudikire.